Dzuwa la M'nyengo Yachisanu ku Zilumba za Orkney

Kumpoto kwa Scotland, ku zilumba za Orkney, kumene pa 21 Disembala usana umangokhala wa maola pafupifupi 6 ndipo usiku umatalika koposa wina uliwonse m'chaka, alendo ogona m'mahotela a ku Kirkwall ndi Stromness amapirira mphepo yozizira kuti akaone Maeshowe, manda amiyala amene makolo a kumeneko anamanga zaka pafupifupi 2800 Khristu asanabadwe.

Amisiri akalewo, ngakhale analibe chitsulo kapena malemba, analunjikitsa khomo ndi mpita wa mandawo mwaluso lotere, kuti m'masabata oyandikana ndi tsikulo, dzuwa likamalowa, kuwala kwake kumadutsa mumpitamo kufikira kukagwa pa khoma la m'katikati. Popeza mitambo imaphimba thambo kawirikawiri, wofuna kupenya chodabwitsachi ayenera kukumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. A Viking anathyola mandawo m'zaka za m'ma 1100 nasiya malemba awo pa makoma, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

M'nyengo yachisanu yomweyi, pa Khirisimasi ndi pa tsiku loyamba la chaka, eni masitolo a ku Kirkwall amatchinga makomo awo ndi matabwa, pakuti amuna amagawikana pawiri, a Uppies ndi a Doonies, nalimbirana mpira wachikopa m'misewu, kuyambira pakhomo pa tchalitchi cha St Magnus. Masewerawa amatchedwa Ba'. A Doonies amapambana akauponya m'madzi a padoko, pamene a Uppies ayenera kuukhudzitsa khoma la kumtunda kwa mzinda.