Malipenga: Bandi ya Kumudzi Yobadwira ku Usilikali

Gule wa malipenga, wotchuka ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga m'dziko la Malawi, anafala nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Amuna omwe anatumikira m'gulu la King's African Rifles anabwerera kwawo akukumbukira perete ndi mabandi a asilikali. Posowa malipenga achitsulo, iwo anakonza awo ndi zipanda.

Gulu lililonse la ovina limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo onga a usilikali. M'menemo anyamata amaphunzira mwambo, ukhondo ndi kumvera. Mganda, womwe umavinidwa m'chigawo chapakati cha Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, uli ndi chiyambi chofanana. Pamene anyamata akusamukira m'mizinda ndi ku South Africa, magulu ena akusowa olowa m'malo.