NGWAZI YA M'BUKU IKALOWA M'KANEMA

Madzulo ano tikambirane za kanema wochedwa Black Panther, ndiko kunena Nyalugwe Wakuda. Anyamata ndi asungwana ambiri anamuona kale, ena m'nyumba za kanema ku Lusaka, ena m'tinyumba ta vidiyo pa msika, ena pa lamya za m'manja. Funso lathu ndi ili: cifukwa ninji kanema mmodzi yekha anakondweretsa anthu ena kufikira kugwetsa misozi, nakwiyitsa ena, nautsa makani amene anakhala zaka zingapo?

KUMENE NGWAZIYI INACOKERA

Ku America kuli timabuku ta zithunzi zojambula pamanja, tochedwa makomiki. Nthano yace imayenda ndi zithunzi, ndipo mau a munthu ali yense amalembedwa pafupi ndi pakamwa pace. Ngwazi za m'timabukuti ziri ndi mphamvu zoposa za munthu, monga Superman amene anaoneka poyamba mu 1938. Kwa zaka zambiri ngwazi zochukazo zinali Azungu okhaokha. Tsono mu 1966 amuna awiri a kampani ya Marvel, Stan Lee ndi Jack Kirby, anapeka T'Challa, mfumu ya dziko la Wakanda. Dzikoli simungalipeze pa mapu, pakuti ndi lopeka. M'nthanomo liri mu Africa, silinalamulidwepo ndi mtundu wacilendo, ndipo liri ndi citsulo cozizwitsa cochedwa vibranium, cimene eni ace anacibisa, namanga naco mizinda ndi makina oposa a maiko onse.

Patapita zaka 52, mu February 2018, T'Challa anapatsidwa kanema wace wace. Wotsogolera nchitoyo anali Ryan Coogler, ndipo wosewera ngati mfumuyo anali Chadwick Boseman. Ndalama zimene anthu analipira pa khomo m'maiko onse zinapitirira madola 1,300 miliyoni, ndipo mu 2019 kanemayu analandira mphotho zitatu za Oscar. Anthu amene anamuona tingawagawe m'magulu atatu.

AMENE ANAWERENGA MABUKU

Munthu amene wawerenga nthano kuyambira ubwana wace amaiyesa yace. Iye amalowa m'nyumba ya kanema monga nkhoswe ilowa pa mlandu, kudzaona ngati mbale wace wasungidwa bwino. Ndipo zinthu zosinthika anazipeza zambiri.

M'mabuku muli mtsogoleri wa anthu a kumapiri, dzina lace M'Baku, amene amachedwanso Man-Ape, ndiko kuti Munthu-Nyani. Opanga kanema anataya dzinalo, podziwa kuti anthu akuda akhala akutukwanidwa ndi dzina la nyani kwa nthawi yaitali. Asilikali aakazi olonda mfumu, ochedwa Dora Milaje, analembedwa poyamba ndi Christopher Priest mu 1998 monga asungwana otomeredwa kwa mfumu. M'kanema angokhala ankhondo olemekezeka. Mdani wamkuru, Killmonger, m'mabuku sali wa banja lacifumu, koma m'kanema anamsandutsa mwana wa atate aang'ono a T'Challa. Inu mudziwa kuti pa mwambo wathu ameneyo ndi mbale weniweni, ndipo cifukwa ca ici nkhondo ya awiriwa inasanduka mlandu wa pa banja.

Kusintha kotere kuli ndi zifukwa zace. Nthano ya m'mabuku inalembedwa ndi anthu ambiri pa zaka makumi asanu, koma kanema ndi wa maola awiri ndi mphindi 14 basi. Ndiponso kupanga kanemayu kunadya madola pafupifupi 200 miliyoni, ndipo ndalama zotere sizingabwezedwe ndi owerenga mabuku okha. Kotero opanga kanema amayenera kukondweretsanso munthu amene sanagwirepo bukulo m'manja. Pa Black Panther owerenga ambiri anabvomereza kuti zosinthazo zinakometsa nthano.

AMENE ANAKONDWERA

Gulu laciwiri ndilo lalikuru. Ku Lagos, ku Nairobi, ku Johannesburg ndi m'mizinda ya ku America anthu akuda anapita kukaona kanemayu atabvala zobvala za makolo ao, monga opita ku ukwati. Ena anasonkha ndalama kuti ana a anthu osauka akamuone kwaulere. Cimwemwe cotere cinacokera kuti?

Akulu akulu akumbukira makanema akale monga a Tarzan, m'mene munthu wa mu Africa anali wonyamula katundu, kapena wothawa cirombo kufikira Mzungu amlanditse. Koma apa mfumu, ankhondo, madokotala ndi opanga makina onse anali anthu akuda. Cinenero ca Wakanda cinali Cixhosa ca ku South Africa, cimene ciri cinenero ca John Kani, wosewera ngati atate a T'Challa. Anthu anazindikira mabulangete a Abasotho, mphete za m'khosi za Amandebele ndi cisoti ca akazi a Cizulu. Lupita Nyong'o ndi mwana wa ku Kenya. Danai Gurira anakulira ku Harare. Ndipo pakati pa nduna za mfumu panakhala mai Connie Chiume, obadwira ku South Africa, amene atate ao anacokera ku Usisya, m'boma la Nkhata Bay ku Malawi. Inu Asenga, amene cinenero canu ciri pafupi ndi Citumbuka, mudziwa kuti kumeneko si kutali. Maiwa anamwalira mu 2024.

Kwa ife a m'Zambia palinso cina cozama. Dziko lathu liri ndi mkuwa, ndipo amuna ambiri a kuno kum'mawa anatha mphamvu zao m'migodi. Koma kufikira 1964 msonkho wa miyala ya pansi pa nthaka unkapita kwa British South Africa Company. Wakanda ndi dziko limene cuma cace ca pansi cinatsala m'manja mwa eni ace. Munthu wa kuno poona mizinda ija sangalephere kudzifunsa kuti, "Kukadakhala kotere kwathu, lero tikadakhala pati?"

AMENE ANADANDAULA

Gulu lacitatu linali ndi mau olemera, ndipo ambiri a iwo anali anthu a mu Africa momwe muno. Iwo anati opanga kanema anatola miyambo ya mitundu yotalikirana naithira mu mphika umodzi, ngati kuti Africa yense ndi mudzi umodzi. Taganizani munthu atabvala nthenga za Angoni a ku Nc'wala, nabvina gule wamkuru wa Acewa, nalankhula Cilozi, kodi simungaseke? Ena anadandaula ndi kalankhulidwe ka osewera a ku America, kamene sikanali ka mtundu uli wonse wodziwika.

Makani akulu anali pa Killmonger. Iye anasiyidwa wamasiye mu mzinda wa Oakland ku America, nabwera kwao ndi mkwiyo, kudzafunsa cifukwa cace Wakanda anakhala cete pamene anthu akuda anali kugulitsidwa ukapolo ndi kuzunzidwa. Njira zace zinali za mwazi, koma ambiri anati funso lace linali loona. Iwo sanakondwe kuona kuti iyeyu ndiye afa, pamene kazitape wa boma la America, Mzungu, akhala bwenzi la mfumu. Ena anayankha kuti T'Challa analimva funsolo, pakuti pa mapeto anatsegula dziko lace kuti lithandize ena. Potsiriza, panali okumbutsa anzao kuti phindu lalikuru linapita ku kampani ya Disney, imene inagula Marvel mu 2009.

DZINA LA MFUMU LIMAFA KODI?

Pa 28 August 2020 Chadwick Boseman anamwalira ndi khansa ya m'matumbo, ali ndi zaka 43. Anali atadwala zaka zinai osauza anthu. Mu December caka comweco eni a Marvel analengeza kuti sadzaika munthu wina pa malo pace. Apa okonda kanema anagawikanso. Ena anati nkoyenera kulemekeza malemuwo. Ena analemba madandaulo, nasaina anthu zikwi zambiri, akuti T'Challa analipo Boseman asanabadwe, ndipo ana akuda asalandidwe ngwazi yao.

Mlandu uwu ife tiudziwa bwino. Mfumu ikagona timalira maliro, koma dzina la Kambombo kapena la Gawa Undi silikwiriridwa, wina amalilowa. Funso limangokhala lakuti alowe ndani, ndipo liti. Kanema waciwiri, Wakanda Forever, wa mu November 2022, anayesa kukhutiritsa mbali zonse. T'Challa anamlira maliro m'nthano momwemo. Mlongo wace Shuri ndiye anatenga mphamvu za Nyalugwe, monga zinacitikiranso m'mabuku mu 2009. Ndipo pa mapeto peni peni panaoneka kamnyamata, mwana wa malemuyo, wochedwanso T'Challa.

TIPHUNZIREPO CIANI?

Makani otere si acilendo m'dziko lathu. Mai wina wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za anthu a ku migodi poona bayisikopo ya anyamata okwera pa akavalo. Ngwazi iri yonse ya m'makanemawo ankaicha Jack, namaimirira ndi kupfuula. Anali atamlanda Jack kwa eni ace, namuyesa wao.

Ngakhale pa moto madzulo ziri comweco. Agogo akasimba za Kalulu nalumpha ndime, ana amawadula mau kuti, "Iai agogo, sizinatero!" Nthano ya Kalulu ya ku Chama isiyana pang'ono ndi ya ku Katete, koma yonse ndi ya Kalulu. Anthu amatsutsana pa nthano imene aikonda. Yosakoma amangoisiya nakagona. Kotero makani a Black Panther ndi umboni wakuti anthu akuda a maiko ambiri anali ndi njala ya nthano yonena za iwo.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa ici tiyenera kuthokoza. Koma wosimba nthano ndiye amasankha mathero ace. Ana athu ena anaziona kale zimenezi. Nyimbo ya Sampa the Great, wobadwira ku Ndola, ndiyo inamveka pa zithunzi zolengeza Wakanda Forever mu 2022. Mu 2023 Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, nthano ya zithunzi zojambula yopekedwa ndi Malenga Mulendema wa m'Zambia muno, ya asungwana anai olanditsa mzinda wa Lusaka.

Inu ana a sukulu a ku Chama, muli ndi agogo odziwa nthano za alenje a m'Luangwa ndi za makolo amene amakumbukiridwa pa mwambo wa Kwenje. Khalani nao pansi akali ndi moyo, mulembe zimene asimba, ndipo amene ali ndi dzanja la kujambula ajambule.