Injini ikazima patchire, yambani mwaganiza za mbaula

Pa 11 Disembala 1934 amayi awiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, adanyamuka ku London pa njinga yamoto ulendo wa ku Cape Town. Njingayo inali Panther ya silinda imodzi, ya 600cc, yokhala ndi kangolo m'mbali, ndipo kumbuyo inkakoka kangolo kena ka katundu. Atafika ku Algiers adalunjika kummwera, kudula pakati pa chipululu cha Sahara kudzera ku In Salah ndi Tamanrasset. Atatsala pang'ono kufika ku Agadez, m'dziko lomwe lero ndi Niger, injini idafa.

Ambiri akamva nkhaniyi amathamangira kutama kulimba mtima kwa amayiwa, ndipo nzoona, mtima anali nawo. Koma mtima suyatsa injini. Chimene chimabweza munthu kwawo njinga ikazima pomwe palibe makaniko, palibe foni, ndi kudziwa funso loyamba kulifunsa ndi lotsatira lake. Wallach adaphunzira za uinjiniya ku London, komabe mafunso oyambawo safuna sukulu. Aliyense amene adakolezapo mbaula m'mawa wa mvula amawadziwa kale.

Mbaula ikakana kuyaka simuitaya kudzala. Mumayang'ana zitatu: makala, mpweya ndi machesi. Injini ya petulo ndi moto womwewo, kungoti wotsekeredwa m'chitsulo ndipo umayaka ndi kuzima kambirimbiri pa mphindi imodzi. Makala ake ndi petulo, mpweya ndi womwewu tikupumawu, machesi ake ndi kamoto kamene kamathetheka kunsonga kwa pulagi. Chimodzi chikasowa, mutha kumenya kiki mpaka mwendo kutupa, njinga siidzalira.

Yambani ndi makala, chifukwa ndiwo amanyazitsa anthu ambiri. Gwedezani njinga mumve ngati m'thanki muli kanthu. Ngati muli, tsegulani kampopi ka petulo, muike pa rizevu, kenaka zulani kapaipi kopita ku kabuleta muone ngati akutuluka. Nthawi zina petulo alimo koma sakutsika chifukwa kabowo kopumira ka pachivundikiro cha thanki katsekeka. Mukatsegula chivundikirocho mumamva kuti fuu, njinga n'kuyambanso. Ndiye pali makala onyowa, petulo wolowa madzi kapena zinyalala, amene amagwira kwambiri oyenda kutali ogula mafuta a m'zigubu. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhazikika pansi pa kabuleta. Masulani kasikuluwu ka pansipo, atayike, muyesenso.

Pa mpweya m'pamene mbaula imaphunzitsa bwino. Phulusa likatseka timabowo ta pansi, makala abwinobwino amangofuka utsi, ndipo mayi wodziwa ntchito sawonjezera makala ena; amagwedeza phulusa, n'kutembenuza kakhomo kuloza kumene kukuchokera mphepo. Injini imadya mpweya wambiri kuposa momwe anthu amaganizira: pa kilogalamu imodzi ya petulo imafuna mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15. Mpweya wonsewo umadutsa pa sefa, ndipo pamsewu wa fumbi sefayo imadzaza msanga. Njinga imayamba ulesi pachitunda, imatulutsa utsi wakuda, mafuta n'kumatha ngati thanki yabooka. Apa pali chiyeso chimene chapha injini zambiri, chochotsa sefa kuti njinga ipume. Imapumadi, koma imameza ndi mchenga womwe, ndipo mchenga ukalowa m'silinda umapala chitsulo pang'onopang'ono osamveka. Ikung'untheni sefayo, itsukeni ngati ndi ya siponji, muibwezere pamalo pake.

Machesi savuta kuyesa. Masulani pulagi, muibwezere ku chingwe chake, mugunditse thupi lake lachitsulo pa injini, wina amenye kiki. Gwirani pa labala, apo ayi mudzavina osafuna, chifukwa magetsi ake amaposa mavoti 10,000. Kamoto kabuluu kakathetheka, machesi ali bwino. Pulagi imauzanso nkhani ya zinazo: ikakhala yakuda ndi mwaye, mpweya ukuchepa kapena petulo wachuluka, ikakhala yonyowa, injini yamwa mopitirira, ikakhala yofiirira pang'ono ndi youma, moto ukuyaka bwino ndipo vuto mulifunefune kwina.

Zitatuzi zimathetsa mavuto ambiri a panjira. Komatu mbaula imathanso kusweka yokha. Dongo la m'kati likang'ambika n'kugwa, ngakhale mutapemerera mpaka chizungulire, nsima siipsa. Pamafunika dongo lina. Ichi ndicho chidagwera Wallach ndi Blenkiron. Chidawonongeka chinali m'kati mwa injini, ndipo chitsulo chodyeka sichikonzeka ndi waya kapena mphira.

Kuwonongeka kwa mtundu umenewu kawirikawiri kumayambira pa oilo. M'kati mwa injini zitsulo zimazungulira pa zinzake mothamanga kwambiri, ndipo chimene chimaziletsa kudyana ndi kansalu kopyapyala ka oilo. Oilo akachepa, akapsa ndi kutentha kapena akasakanizika ndi mchenga, kansaluko kamang'ambika. Tsono ganizirani njinga ya silinda imodzi, yoziziritsidwa ndi mphepo chabe, ikukoka anthu awiri ndi ngolo ziwiri mumchenga wotitimira. Injini imalira kwambiri pamene liwiro ndi la munthu woyenda pansi, ndiye mphepo yoiziziritsa palibe. Chizindikiro chake ndi kugogoda kwakuya kochokera pansi pa injini, kumene kumakula mukawonjezera moto.

Amayiwa adaifikitsa njinga yawo ku Agadez mothandizidwa ndi anthu a m'deralo. Kumeneko adadikira milungu ingapo kuti zipangizo zifike kuchokera ku England, kenaka adaimanganso injini n'kupitiriza ulendo kudzera ku Kano, Congo ndi kummawa kwa Africa mpaka kutsikira kummwera. Adalowa mu Cape Town pa 29 Julayi 1935, patapita miyezi yoposa 7 chinyamukire ku London. Wallach adadzalemba za ulendowu m'buku lotchedwa The Rugged Road. Kwa ine, milungu yokhala pansi ku Agadez ija ndi luso lofanana ndi la kuwoloka mchenga. Kudziwa kuti apa sipofunika kiki ina koma chitsulo chatsopano, n'kuvomera kudikira, si aliyense amatha.

Njinga za masiku ano zasintha, zina zilibenso kabuleta ndipo zimayendera kompyuta, koma zambiri zimene akabaza amayendetsa m'misewu yathu n'za silinda imodzi, zoziziritsidwa ndi mphepo, zachibale ndithu ndi Panther ija. Mayi kapena mtsikana amene mukukonza ulendo wautali, musadalire kuti padzapezeka bambo wachifundo wokhala ndi sipanala. Nyamulani pulagi yapadera ndi sipanala yake, phunzirani kuimasula muli pakhomo, ndipo yang'anani oilo m'mawa uliwonse injini isanalire. Mukamva kugogoda kwa pansi kuja, zimitsani pomwepo mukankhe, ngakhale kumsika kukuoneka pafupi.