Kodi nzimbe zingayendetse njinga yamoto?

Ana inu, yankho ndi lakuti inde, ndipo zikuyendetsa kale. Njinga zamoto za kabaza zimene zimanyamuka pa Mponela kukatula anthu m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi zimamwa petulo. Koma petulo wogulitsidwa m'Malawi muno kawirikawiri sakhala yekhayekha. Amamusakaniza ndi mafuta ena otchedwa ethanol, ndipo mafutawa amachokera ku nzimbe zomwe zija timatafuna.

Tiyambe ndi petulo mwini wake. Kuno kwathu sitikumba mafuta pansi. Petulo ndi dizilo yense timagula kunja, amabwera pa sitima zapamadzi n'kutsikira pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, kapena Dar es Salaam ku Tanzania. Zimagalimoto za mathanki zimene mumaziona zikudutsa pa msewu wa M1 zimakhala zayenda masiku ambiri. Mafutawa sitigula ndi makwacha ayi, amafuna ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, m'pamene mumaona mizere italiitali pamalo omwetsera mafuta, anthu atanyamula zigubu, ndipo wakabaza amakweza mtengo.

Ethanol yekha ndiye wakwathu konkuno. Mukadutsa mapiri a Ntchisi n'kutsikira kunyanja, m'boma la Nkhotakota, mufika ku Dwangwa kumene kuli minda ikuluikulu ya nzimbe. Kumeneko kampani ya Ethanol Company, imene ambiri amangoti EthCo, inayamba kupanga ethanol mu 1982. Nthawi imeneyo maiko a mu Africa amene ankachita zimenezi anali owerengeka. Kampani ina, ya PressCane, inayamba mu 2004 m'boma la Chikwawa, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo.

Nanga amapanga bwanji? Kufakitale ya shuga amafinya nzimbe, n'kuwiritsa madzi ake mpaka shuga atagwirana timibulu. Akachotsa shugayo pamatsala manyuchi akuda bii, onanda, otsekemera koma owawirira pang'ono. Manyuchiwa amawasungunula ndi madzi m'mathanki aakulu, n'kuthiramo yisiti. Yisiti ndi tizamoyo tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso kamodzikamodzi. Timadya shuga wotsala m'manyuchimo n'kutulutsa zinthu ziwiri: mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi ethanol. Kenako amatenthetsa madziwo. Ethanol amafulumira kusanduka nthunzi kuposa madzi, choncho amayamba ndiye kukwera m'mapaipi, ndipo akazizira amadontha ali mbee. N'chimodzimodzi ndi mmene amatchezera kachasu, kungoti kufakitale amawonjezerapo njira zina mpaka madzi atatheramo, chifukwa madzi ndi petulo sagwirizana. Ethanol ameneyu ndi wa injini basi, si wakumwa. Munthu atamwa petulo wosakanizayu akhoza kufa.

Ntchito ya yisiti mukhoza kuionera nokha pakhomo. Pemphani amayi supuni ziwiri za shuga ndi supuni imodzi ya yisiti wa mandasi. Thirani m'botolo, onjezani madzi ofunda, osati otentha, chifukwa otentha amapha yisiti. Khutchumulani, vekani chibaluni kukamwa kwa botolo, n'kuliika pamalo pofunda. Pakapita kanthawi muona thovu likukwera, ndipo chibaluni chija, chomwe chinali lende, chiyamba kudzuka chokha popanda wochiuzira. Mpweya wa yisiti ndi umenewo. Mukanunkhiza botololo mumva kafungo ka mowa. Mukatha kuonerera, tayani madziwo.

Mwina mukufunsa kuti, “Nanga ethanol akamayaka satulutsa utsi?” Amatulutsa mpweya wa kaboni ndithu, womwe ukachuluka mumlengalenga umatenthetsa dziko n'kusokoneza kagwedwe ka mvula. Kusiyana kwake kuli apa. Nzimbe ikamakula imakoka mpweya womwewo kudzera m'masamba ake. Ndiye injini ikaotcha ethanol, imangobweza mpweya umene nzimbe inatenga miyezi ingapo yapitayo, ndipo nzimbe za chaka chamawa zidzautenganso. Petulo sachita choncho. Iye anapangika kuchokera ku tizamoyo ta m'nyanja timene tinafa n'kukwiririka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Tikamuotcha, timatulutsa kaboni amene anali atatsekeredwa pansi nthawi yonseyo.

Galimoto wamba imalola petulo wosakaniza pang'ono. Kuno nthawi zambiri akhala akuthira gawo limodzi kapena awiri a ethanol pa magawo 10 aliwonse, malinga ndi mmene wapezekera. Koma akatswiri athu anafuna kudziwa ngati galimoto ingayendere ethanol yekhayekha. Cha m'ma 2006, a ku Lilongwe Technical College anasintha injini ya Mitsubishi Pajero, ndipo inayenda kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu. Ku Brazil anapita patali kuposa apa. Boma lawo linayamba kulimbikitsa mafuta a nzimbe mu 1975, ndipo kuyambira 2003 amagulitsa magalimoto amene mwini wake amasankha yekha kuthira petulo, ethanol, kapena zonse pamodzi.

Ine ndimanyadira ethanol wathuyu, komabe sindikubisirani zovuta zake. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, choncho thanki imatha msanga. Manyuchi nawonso sakwanira. Nzimbe zimadulidwa m'nyengo yopanda mvula, ndipo mafakitale a shuga akaima m'dzinja, opanga ethanol amasowa chophika. Tikati tiwonjezere minda ya nzimbe, pamafunika malo ndi madzi ambiri, pomwe malo omwewo anthu akufuna kulimapo chimanga ndi mpunga. Kutentha minda ya nzimbe asanadule kumatulutsanso utsi wambiri.

Nanga zimagalimoto za dizilo, zonyamula fodya, soya ndi mtedza pa Mponela? Ethanol sayenerana ndi injini zimenezi, koma mafuta a mbewu amatheka. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umene anatulukira Rudolf Diesel inayendera mafuta a mtedza, mtedza ngati womwewu timalima ku Dowa. Lero mafuta a mbewu amayamba awakonza kaye kuti apyapyale asanawathire mu injini, apo ayi amatseka timapaipi. Vuto ndi lakuti mtedza ndi chakudya, ndipo mafuta ophikira ndi odula kale. N'chifukwa chake ena anayesa mtengo wa msatsimanga, uja ena amabzala ngati mpanda, popeza njere zake zili ndi mafuta ambiri koma sizidyedwa. Mukauona kwanuko, yang'anani ndi maso okha, musalawe njere zake, ndi poizoni.