Sukulu Yopanda Mpanda: Maphunziro Aulere a OpenLearn

M'chaka cha 1963, Harold Wilson, mtsogoleri wa chipani cha Labour ku Britain, analankhula mumzinda wa Glasgow za sukulu ya ukachenjede imene aphunzitsi ake adzaphunzitsira pa wailesi. Ambiri anayesa maloto a chumba. Koma iye atatenga boma m'chaka chotsatira, anapereka ntchitoyo m'manja mwa nduna ina yolimba mtima, Mayi Jennie Lee, ndipo mu 1969 sukuluyo inabadwa, dzina lake Open University. Likulu lake lili ku Milton Keynes. Mu Januwale 1971 ophunzira pafupifupi 25,000 anayamba maphunziro ali m'nyumba zawo, popanda wowafunsa satifiketi pakhomo. Mabuku ankabwera pa positi, ndipo aphunzitsi ankamveka pa wailesi ndi kuoneka pa wailesi ya kanema ya BBC, kaŵirikaŵiri usiku kapena mbandakucha, anthu ena ali mtulo.

Omvera achikulire a muno m'Malaŵi nkhani yotere si yachilendo kwa iwo. Sukulu yophunzitsa m'makalata ya Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inasanduka Malawi College of Distance Education, inayamba mu 1965, ndipo ena mwa maphunziro ake ankaulutsidwa pa wailesi. Amene anaphunzira m'njira imeneyi akudziŵa vuto lake. Wailesi siyembekeza munthu. Wochedwa kumunda, kapena amene mabatire amuthera pakati pa phunziro, ndiye kuti phunzirolo lamupita.

Vuto limeneli ndilo linachepa ndi kubwera kwa intaneti. Mu Okutobala 2006, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la ku America la William and Flora Hewlett Foundation, Open University inatsegula tsamba lotchedwa OpenLearn, n'kuikapo zigawo za maphunziro ake kuti aliyense, kulikonse, aŵerenge mosalipira. Mu Disembala chaka chomwecho, maphunziro ausiku aja anaulutsidwa komaliza pa BBC. Tsopano phunziro limadikira wophunzira. Akalisiya Lachiŵiri, adzalipeza pomwepo Loŵeruka.

Patsambali pali maphunziro afupiafupi mazanamazana. Alipo a zilankhulo monga Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi ndi Chitchaina. A mbiri yakale, nyimbo ndi luso lolemba nkhani. A chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. A malonda ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama. A malamulo, ndale ndi kakhalidwe ka anthu. Komanso a masamu, sayansi ndi uphunzitsi. Ena amatha m'maola oŵerengeka, ena amafuna masabata. Pamutu pa phunziro lililonse amalemba maola amene likhoza kutenga, ndiponso ngati lili la oyamba kumene, la apakati, kapena la ozama kale. Ndi bwino kusanyoza mawu amenewo, pakuti wolumphira phunziro lozama asanadziŵe chiyambi chake amagwa ulesi tsiku lachiŵiri, n'kumati mutu wake ndi wouma, pamene cholakwa chinali khomo limene analoŵera.

Nanga munthu akamaliza amalandira chiyani? Apa ndiye pofunika kutchera khutu, chifukwa ambiri amasokonezeka. Kuŵerenga kokha sikufuna kulembetsa. Koma amene walembetsa dzina lake, zimenenso zili zaulere, ndi kutsiriza phunziro, amapatsidwa chikalata chochitira umboni kuti anachita nawo phunzirolo. Pali maphunziro ena a maola pafupifupi 24, ogaŵidwa m'zigawo 8, okhala ndi mayeso aang'ono, amene wokhoza amalandirapo chizindikiro chapadera cha pa intaneti. Zonsezi si digiri, si dipuloma, ndiponso siziloŵa m'malo mwa satifiketi ya MSCE. Digiri ya Open University imalipiridwa, ndipo mtengo wake si wamaseŵera. Tsono wina akadza ndi lonjezo la digiri yaulere, kapena akamatolera ndalama kuti alembetse anthu pa OpenLearn, ameneyo afunsidwe mafunso asanalandire ngakhale tambala.

Chikalatacho chili ndi ntchito yake ndithu. Kalaliki wofunsira ntchito akhoza kuchiphatika pa kalata yake, ndipo bwana wanzeru adzaona kuti munthuyu sanakhale manja lende. Komabe phindu lenileni lili m'mutu. Mphunzitsi wa pulayimale amene anatuluka ku koleji zaka khumi zapitazo akhoza kunola masamu ake. Mayi wa golosale akhoza kuphunzira kusiyanitsa ndalama za mpamba ndi phindu, chinthu chimene chagwetsa mabizinesi ambiri aang'ono.

Mawu akuti "ulere" nawonso afunika kuwamva bwino. Phunziro ndi laulere, koma bandulo ya intaneti imagulidwa, ndipo foni imafuna moto. Mwayi wake ngwakuti maphunziro ambiri amalola kutsitsa mawu ake onse m'foni kapena pa kompyuta. Choncho munthu akapita pa boma kumene netiweki ili yamphamvu, akhoza kutsitsa phunziro lathunthu n'kukaliŵerenga kumudzi, nasiya makanema amene amadya bandulo msanga. Pafupifupi zonse zinalembedwa m'Chingerezi, ndipo zitsanzo zake zambiri n'za ku Britain: misonkho yawo, makhoti awo, mitengo ya m'nkhalango zawo. Phunziro la malamulo a ku England lingatsegule maso, koma silingaperekeze munthu ku khoti la ku Zomba.

Chovuta koposa ndi kuphunzira pawekha. Palibe belu, palibe mphunzitsi woitana maina, palibe woŵerenga zimene walemba n'kukudzudzula. N'chifukwa chake oyamba maphunziro otere amachuluka kuposa omaliza. Matendaŵa ali ndi mankhwala ake: anthu anayi kapena asanu amasankha phunziro limodzi lalifupi, amagwirizana tsiku, mmodzi amatsitsa, ndipo onse amakumana ndi makope awo m'kalasi ya pasukulu yapafupi ana akaŵeruka.