Kufulumizitsa Kompyuta ndi Muyeso wa Magetsi

Wophunzira wa ku Catholic University ku Nguludi, kapena mnyamata woika nyimbo m'mafoni pa Njuli, akaona kuti kompyuta yake yayamba chidodo, angathe kulowa mu BIOS nalamula purosesa ndi RAM kuti zithamange koposa muyeso umene anaziikira ozipanga, ntchito yotchedwa overclocking. Koma popeza kuthamanga sikufika, liwiro loonjezedwalo lifuna magetsi oonjezera, ndipo akaperewera makina angoima chiriri, kapena kuzima ntchito ili mkati.

Nzeru yagona pa kukweza magetsiwo pang'onopang'ono, 0.01 volti nthawi imodzi, ndi kuyesa maola angapo ndi pulogalamu ya Prime95 kapena MemTest86 musanakwezenso. RAM ya DDR4 idapangidwira 1.2 volti, ndipo yofulumizitsidwa ikhazikika kawirikawiri pa 1.35, kupyola apo kwambiri ndiko kuifupikitsira moyo. Magetsi ochuluka abala kutentha, ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene fumbi la ku Chiradzulu latseka fani, purosesa yofika madigiri 90 yayandikira kale tsoka.

Inu amene kompyuta yanu ndi imodzi yokha, pukutani fumbilo poyamba, ndipo magetsi a ESCOM akamazimazima, musakhudze BIOS popanda UPS, chipangizo chosunga magetsi.