Mtsuko Sunathe Ntchito M'nyumba Zathu

M'makomo ambiri a ku Kaliyeka, Kawale ndi Biwi, madzi akumwa masiku ano amasungidwa m'zidebe ndi m'zigubu zapulasitiki. Mtsuko tinausiya kumudzi, ngati chinthu cha agogo. Koma ikafika nyengo yotentha ya mu Okutobala, magetsi n'kuzima, firiji n'kukhala chete, timakumbukira madzi ozizira bwino a mumtsuko. Luso loumba likadalipo m'dziko muno, ndipo likupita patsogolo. Chofunika n'chakuti tidziwe kusankha ziwiya zadothi ndi kuzigwiritsa ntchito mosamala.

Njira ziwiri zoumbira

Amayi oumba mbiya amatapa dongo kudambo, n'kulisinja, kuchotsamo timiyala ndi kulikanda mpaka lifewe. Amaumba ndi manja, kusalaza ndi chitsononkho kapena mwala wosalala, kenako n'kuumitsa pamthunzi kwa masiku angapo. Mbiya youmitsidwa mothamanga padzuwa imang'aluka. Ikauma amaiwotcha pamoto wa nkhuni ndi makungwa. Mbiya yotere imakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira m'timabowomo, ndipo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha. N'chifukwa chake mtsuko umaziziritsa madzi popanda magetsi.

Njira yachiwiri timaiona ku Dedza Pottery, malo oumbira amene anayamba mu 1987 m'tauni ya Dedza, pafupifupi makilomita 85 kuchokera ku Lilongwe. Kumeneko amapanga mbale, makapu, miphika ya maluwa ndi matailosi, ndipo amajambulapo ndi manja nyama, mitengo ndi moyo wakumudzi. Pa kaumbidwe kotere, dongo limaikidwa pa gudumu lozungulira, woumba n'kumalikweza ndi zala. Chiwiya chimawotchedwa kawiri mu uvuni: koyamba kuti chilimbe, kachiwiri atachipaka utoto wonyezimira umene umasungunuka n'kukhala ngati galasi. Moto wachiwiriwu umatha kupitirira madigiri 1,200, choncho chiwiyacho sichimwa madzi ndipo sichivuta kutsuka. Koma pa chifukwa chomwecho, sichiziziritsa madzi ngati mtsuko wa agogo. Chilichonse chili ndi ntchito yake.

Kuzizira si ukhondo

Apa ndi pamene tiyenera kuchenjera. Mtsuko umaziziritsa madzi koma supha tizilombo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Madzi abwino amatha kuipa ali m'nyumba, pamene aliyense akupisa kapu ndi dzanja losasamba mumtsuko.

Choncho tiyambe tawiritsa madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena tithiremo mankhwala a klorini motsata malangizo n'kudikira mphindi 30. Tisankhe mtsuko wakukamwa kochepa, wokhala ndi chivundikiro. Potunga tigwiritse ntchito chikho chimodzi chachigwiriro chachitali, chimene sitimwera, ndipo chizipachikidwa pamalo oyera. Mtsuko uzitsukidwa kawirikawiri ndi madzi otentha, ndipo uzikhala pamalo okwera pamene nkhuku ndi ana okwawa sangafike.

Samalani ndi zonyezimira

Si mbale iliyonse yonyezimira imene ili yoyenera kudyeramo. M'mayiko ena oumba amasakaniza mtovu mu utoto kuti usungunuke pamoto wochepa. Zakudya zowawasa monga matimati, mandimu, bwemba ndi malambe zimasungunula mtovuwo n'kulowa m'thupi, ndipo umawononga ubongo wa ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mtovu ndi woopsa ngakhale utachepa bwanji. Pogula pamsika tifunse ngati chiwiyacho n'chodyeramo kapena chokongoletsera chabe. Mbale imene utoto wake ukusupuka tiisandutse yodzalamo maluwa. Paja phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Dongo kukhitchini

Oumba athu apanganso mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu ndipo imachepetsa utsi. Imayaka ngakhale ndi zitsononkho kapena mitengo ya nandolo. Magulu ambiri oumba mbaulazi ndi a amayi, kotero tikagula timathandiza banja lina kupeza chakudya ndi fizi. Nawo mphika wadothi umasunga kutentha nthawi yaitali. Nyemba zophikidwa pang'onopang'ono Lachisanu, tsiku lokonzekera Sabata, zimapsa bwino ndipo zimakoma.

Phunziro la kwa woumba

Mu Yeremiya chaputala 18, Mulungu anatuma mneneri kunyumba ya woumba. Chiwiya chitawonongeka m'manja mwake, woumbayo sanataye dongo koma analiumbanso. Aliyense amene anaonapo woumba ali pantchito amadziwa kuti zimenezi zimatheka dongo likadali lofewa. Tsiku lina tidzatenge ana athu kukaona mmene mbiya imaumbidwira, kaya kumudzi kaya ku Dedza. Adzaphunzira kuleza mtima, kulemekeza ntchito yamanja, ndiponso kuti banja limene lasweka mtima likhoza kuumbidwanso likadzipereka m'manja mwa Mlengi.